Foni ya Pakhosi pa Bwana Mkulu

A Sajeni analibe nthawi ya malonje. A Mawaya atangolowa mu ofesi muja, chikwama cha zitsulo chili kumanja, mayi wapolisiyo anawalozera mpando n'kuyamba nawo pomwepo.

"Mafoni a pakampani pano munalumikiza ndinu?"

"Ndine, mayi. Komanso malemuwo ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga. Ndachita kudzuka pamaliro."

"Ndikudziwa, pepani. Koma mawa ndikutengera munthu kukhoti pa mlandu wakupha, ndiye ndikufuna ndimve kaye za foni ya malemuwo kuchokera kwa mwini ntchito."

Dzina loti Mawaya anawapatsa ndi alamu awo omwewo, poti ntchito yawo inali yokwawa m'madenga a maofesi ndi mawaya a mafoni. Alamuwo aliyense ankawatchula kuti Bwana Mkulu. Anali eni ake a kampani yogulitsa penti imeneyi, ndipo dzulo lake masana anapezeka atafa m'shedi ya kuseri, pansi pa makwerero achitsulo, chiuno chitathyoka, mutu uli ndi bala. Dokotala ananena mawu amene anawawa banja lonse: mkuluyo sanafe pomwepo ayi. Anagona pasimenti paja ali moyo kwa nthawi ndithu, ndipo akanapezeka msanga bwenzi lero akukalipira anamwino m'chipatala.

Foni ankanenayo inali yopanda waya, ija munthu amatha kuyenda nayo mumpanda wonse. Miyendo ya Bwana Mkulu itayamba kugwedera, a Mawaya anawapezera foniyo n'kuimangirira kachingwe kofiira kuti izilendewera pakhosi. Maso a mkuluyo anali atafooka, manambala ang'onoang'ono osawaona bwino, choncho a Mawaya anawakonzera batani loyamba. Kungolipanikiza pang'ono, foni ya patebulo pa Kadona inkalira. Kadona anali mwana yekhayo wa malemuwo, maneja wa kampaniyo chipumireni bambo ake, koma kwa a Mawaya anali kamtsikana komwe kaja ankakayendetsa paphewa.

"Tiyeni tiganize limodzi," anatero a Sajeni. "Munthu wagwa, akupuma, foni ili pakhosi, batani limodzi lokha. Aleka bwanji kuimba? Pamtembo foniyo tinaisowa. Shedi yonse tasanthula, mulibe. Ndiye kuti wina anawakankha n'kuwavula foniyo kuti asaitane anthu. Wosunga shedi, uja mumati Wamakiyi, anakangana nawo m'mawa mwake anthu akumva, ndipo nthawi ya nkhomaliro palibe anamuona. Inu mungati chiyani?"

A Mawaya anaganizira za munthuyo. Wamakiyi ankamudziwa kuyambira kale. Ndi yemwe ankawagwirira makwerero tsiku lija ankakoka waya wopita kushedi, akuwachenjeza mwendo uliwonse ngati akukweza mwana. Munthu wotero n'kukankha nkhalamba? Kaya, mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Anatsogolera a Sajeni kuseri kwa tebulo lolandirira alendo, pomwe panali kabokosi kakuda kokhomedwa pakhoma. Kanyali kake kankaphethira kofiira.

"Foni ija payokha ndi chidole, mayi. Mphamvu zake zili mu kabokosi aka. Tikamaika koyamba timaidziwitsa kwa kabokosika, ife amisiri timati kuikwatitsa, ndipo ikakwatiwa siimveranso kabokosi kena. Kanyalika kakabiriwira, ndiye kuti foni ili mumpanda muno. Kakamaphethira kofiira chonchi, yatuluka pageti kapena batire latha."

"Nanga batani ili?"

"Lofufuzira. Alamu ankaiwala foni yawo pamatumba a laimu, ndiye tikadina apa imalira komwe ili."

"Dinani."

A Mawaya anadina. Onse awiri anatchera khutu. Kunja kunadutsa lole, mu ofesi yoyandikana wina anakhosomola, kenako kunali zii.

"Yatuluka pageti," anatero a Sajeni. "Ndipo foni ilibe miyendo."

* * *

Wamakiyi anali atamubweretsa kuchokera m'chitokosi kuti adzalozere pomwe anasiyana ndi abwana ake. Anamukhazika pachitini cha penti pakhomo pa shedi, unyolo uli m'manja, wapolisi wina ataima pambali. Usiku umodzi wokha unali utamukalambitsa. Ataona a Mawaya anafuna kuimirira mwaulemu, wapolisi uja n'kumubweza paphewa.

"Fotokozaninso, awa amve," anatero a Sajeni.

"Mawu anga ndi omwe aja, sindiwonjezera mchere," anatero Wamakiyi pang'onopang'ono. "Bwana ankafuna kukwera okha kuti akaone zitini za pamwambazo. Ine ndinakana. Ndinati miyendo yanu ija siilipo, ndikwera ndine. Basi ndinapalamula. Ananditukwana, nanenso ndinakweza mawu, sindikana. Ndinaponya makiyi pansi n'kutuluka. Ndinakakhala pasiteji ya basi kuti mtima utsike."

"Anakuonani ndani pasitejipo?"

"Anthu a pasiteji amaona basi, mayi. Saona nkhalamba yokwiya."

A Mawaya anaweramira pafupi. "Mukutuluka, foni inali pakhosi pawo?"

"Aaa, a Mawaya, mukufunsa ngati simuwadziwa alamu anu! Munthu uja ankalowa nayo ndi kuchimbudzi komwe." Wamakiyi anapukusa mutu. "Kungoti masiku omalizawa sinkawasangalatsanso. Amati akapanikiza batani lija, imalira, imalira, osayankhidwa. Ndiye ankanditembenukira n'kuseka, amvekere, 'Mwana wanga watanganidwa, umaneja si masewera.' Koma kunali kuseka kwa mano okha."

"Madamu sankayankha foni ya bambo awo?" anafunsa a Sajeni.

"Sindinatero ine. Madamu ndi munthu wabwino, anandigonekera mkazi wanga kuchipatala chaka chatha. Ntchito ndi imene yawachulukira." Anakweza manja omangidwawo n'kupukuta m'maso ndi mkono. "Ine chondiwawa n'choti ndinawasiya okha ndi makwerero. Ndikanangowabisa makwererowo n'kulola anditukwane. Zimenezo mundimange nazo, ndavomera. Koma kupha ayi."

A Mawaya anatuluka m'shedimo. Kadona osayankha batani loyamba? Batani limene iwo analikonzera tsiku la tsoka? Sizinkamveka.

* * *

Mayi wa patebulo lolandirira alendo ankatchedwa a Halo, ndipo ukawafunsa funso limodzi ankakupatsa mayankho a mlungu wathunthu. Maso anali otupa ndi kulira, koma pakamwa panali bwinobwino.

"Ine dzulo sindinasunthe pano, ndithu Mulungu akundiona. Ndinadyera pompano chifukwa mtsikana amandilandira uja anapita kukazulitsa dzino, dzino lake lomwe lija ndinamuuza kalekale kuti lisiye masiwiti. Madamu nawonso anadyera mu ofesi mwawo, chitseko chotseka."

"Foni ya patebulo pawo inalira?" anafunsa a Sajeni.

"Olo kamodzi. Khoma ili ndi la matabwa, mayi, madamu akayetsemula ine ndimati pepani. Ikanalira ndikanamva. Imene inasokosa ndi ija ya mizukwa basi."

"Ya mizukwa?"

"Eee, ya kumwamba, m'chipinda chotayiramo mipando yothyoka. Mulibe munthu m'menemo chichokereni akalaliki amene ankagwiramo ntchito. Koma kuyambira mwezi watha yakhala ikulira yokha, m'mawa, masana, madzulo. Tinangoti ndi anthu osokera nambala, tinazolowera. Koma dzulo ndiye inanyanya, abale! Kulira, kusiya, kulira, kusiya, mpaka ine ndinakweza wailesi kuti ndidye bwino. Kenako inangoleka yokha."

A Mawaya anadzidzimuka. Chikwama cha zitsulo chija anachiika pansi.

"Bwanji bambo?" anafunsa a Sajeni, omwe maso awo sankaphonya kanthu.

"Foni imeneyo ndinaika ndine," anatero a Mawaya. "Ilibe njira ya kunja. Munthu wa kunja sangasokereko. Imalira pokhapokha woimbayo ali mumpanda muno."

A Halo anagwira pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo anasowa chonena.

* * *

Chipinda cha kumwambacho chinkanunkha fumbi ndi mphemvu. Foni yakale inali pansi pakona, yokanikizidwa ndi mwendo wa mpando, kagetsi kake kosonyeza kuti wina anaimba osayankhidwa kakuyaka. Fumbi linali bwatabwata pamwamba pake. Palibe anali ataigwira.

"Ndiye kuti malemu anaimba," anatero a Sajeni chapansipansi. "Anaimba kambirimbiri. Ngati zili choncho foni inali m'manja mwawo atagwa kale, ndipo wakupha sasiyira munthu foni kuti aziimba. Koma izi ndi zoganiza chabe. Popanda foniyo m'manja mwanga, bwana wanga andiseka, ndipo Wamakiyi mawa akukalowa m'khoti. Tandiuzani, batani lopita kwa mwana wawo lingasochere bwanji n'kudzalira kuno?"

"Silisochera lokha. Wina amachita kulisintha."

"N'zovuta?"

"Ayi. Umalowa pomwe pali zosintha, foni imakufunsa nambala yachinsinsi. Ukaika, umapanikiza batani ukufunalo, n'kufufuta nambala ya tebulo lakale, n'kulemba ya tebulo lina, n'kusunga. Madzi a tiyi sangawire usanamalize."

"Nambala yachinsinsiyo amaidziwa ndani?"

"Ine."

"Inu nokha?"

A Mawaya anayang'ana mipando yothyoka ija ngati ili ndi yankho. "Ndiloleni ndikumbukire kaye, mayi."

Bodza! Panalibe choti akumbukire, zonse zinali mbee. Linali tsiku lina iwo atabwera kudzasintha batire, Kadona n'kuwaimitsa pakhonde. "Malume, tandiphunzitsani kusintha batani ili, mwina tsiku lina ndidzasamuka tebulo." Iwo anamuonetsa zonse, nambala yachinsinsi n'kumunong'oneza, kenako n'kumugwedeza ndi chigongono. "Kapena alamu akutopetsa, iwe?" Kadona anaseka, iwonso anaseka. Anadziwa tsiku lomwelo chimene mwanayo ankafuna, koma anachiyesa nthabwala, poti nawonso mafoni a alamu awo ankawazemba. Bwana Mkulu chipumireni ntchito sankatha kukhala kunyumba. Ankabwera pakampani tsiku lililonse n'kumaimbira mwana wawo pakati pa misonkhano: magalasi anga ali kuti, tiyi wazizira, kodi wadya? Banja lonse linkaseka nazo.

A Mawaya anapita pawindo kuti apume. Pansi, geti linali likutseguka, ndipo galimoto yoyera ya Kadona inalowa n'kukaima pansi pa mtengo.

Anatsika masitepe mwakachetechete, a Sajeni atatsalira kumwamba akuimbira anzawo. Podutsa patebulo la a Halo anaponya diso pakhoma paja, mtima ukupemphera kuti apeze chofiira chomwe chija.

Kanyali kanali katabiriwira.

* * *

Kadona anali asanatsike m'galimoto. Anali atavala zakuda, manja ali pachiwongolero, chikwama chake chili pamiyendo. A Mawaya anatsegula chitseko cha mbali inayo n'kukhala.

"Malume! Ndimayesa muli ndi amayi. Ndabwera kudzatenga ziphaso za adadi, akuzifuna kunyumba ya chisoni."

"Tsegula chikwamacho, mwanawe."

Kadona sanafunse chifukwa. Anawayang'ana malume ake, kenako anatsegula zipi. Kachingwe kofiira kaja kanali pamwamba penipeni.

"Ndinafuna kuitaya mumtsinje dzulo," anatero, mawu ali okoka. "Ndinaima pamlatho, ndinalephera. Ikununkha mafuta awo a m'tsitsi."

"Unasintha liti?"

"Mwezi watha, nthawi ya kawerengedwe ka katundu. Ndinati mlungu umodzi wokha, malume, ndipume. Kungoisiya ikulira patebulo panga sizikanatheka, a Halo akanalengeza mzinda wonse kuti sindiyankha bambo anga. Ndiye ndinaitumiza kumwamba. Adadi ankamva ikulira, n'kumaganiza kuti ndatanganidwa. Palibe ankavulala. Mlungu unatha, ndinati ndibweza mawa. Mawa, mawa. Mtendere uja unanditsekemera."

"Nanga dzulo?"

Kadona anagwetsa mutu pachiwongolero. "Ndinaimva. Chipinda chija chili pamwamba pa ofesi yanga. Ndinaimva, malume, ndikudya. Ndinadziwa kuti ndi iwowo. Ndinati magalasi abwereranso. Ndinachita kuseka ndekha kuti lero ndiye alimbikira. Italeka, m'pamene mtima unandigunda. Ndinawapeza atagona chammbali, foni ili m'manja, chala chili pabatani. Anali akadali ofunda."

A Mawaya anatseka maso. Anafuna kumukalipira, anafuna kumukumbatira, zonse ziwiri zinakanika.

"Ndiye unawavula foni, n'kuima phee apolisi akumanga Wamakiyi?"

"Sindinaganize kuti amanga munthu! Ndinangofuna kuti asaione. Atayamba kufunsa za mkangano wa m'mawa ndinati aona okha kuti alibe mlandu, amutulutsa. Mpaka pano ndikudikira kuti amutulutse." Anawagwira dzanja mwamphamvu. "Malume, inu mungathe. Bwezerani batanilo patebulo panga, foniyi muiponye kuseri kwa zitini, anene kuti inagwera kumeneko adadi akugwa. Palibe angadziwe. Amayi akamva kuti amuna awo anafa akundiitana ine ndikudya, tiika maliro awiri. Achemwali anu amenewo, malume. Mukuwadziwa mtima wawo."

Ankawadziwadi. M'mawa womwewo achemwali awo anawakolowekera manja m'khosi akulira kuti, "Achimwene, ndatsala ndi Kadona yekha." Ndipo ntchito ankapemphedwayo inali yochepa kwabasi, zala zawo zikanaichita ali chitsinzire. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake apa unali mlongo wawo wa bere limodzi.

Anatenga foniyo, naitembenuza m'manja. Batani loyamba linali litafufutika nambala chifukwa chopanikizidwa tsiku ndi tsiku.

"Shedi ija apolisi aisanthula kale, sangakhulupirire," anatero. "Ndipo ngakhale atakhulupirira, ndiye kuti alamu sanaimbe. Ngati sanaimbe, ndiye kuti wina anawamenya mpaka kukomoka. Wina wake ndani? Ndi Wamakiyi yemwe uja. Chimene chingamutulutse n'chimodzi chokha, mwanawe: kuti bambo ako anali okha, foni ili m'manja, akuimba."

"Ndiye mukufuna amayi afe?"

"Ndikufuna ukanene wekha. Ndikuperekeza. Mlanduwu si wako wekha, nambala ija ndinakupatsa ndine, ndikudziwa chimene unkafuna."

Kadona anawalanda foniyo, naibwezera m'chikwama n'kukoka zipi. Anapukuta misozi ndi chikhatho ngati mmene ankachitira ali mwana akakana mankhwala.

"Sindingathe, malume. Ndipatseni mpaka tiike maliro. Tikaika ndidzanena."

"Khoti ndi mawa."

"Ndati tikaika."

Anatsika n'kumenyetsa chitseko. A Mawaya anatsala m'galimotomo akuyang'ana msana wake. Mawu oti mawa ankawadziwa bwino pakamwa pa mwana ameneyu, anali atangowamva kumene.

* * *

Atalowa, anapeza a Sajeni ataima patebulo lolandirira alendo, akupepesa Kadona za maliro mwaulemu wonse. A Halo anali akusakasaka ziphaso zija m'dirowa. Kadona anaima chikwama chili paphewa, nkhope itauma, akuyankha "zikomo, zikomo" osayang'ana munthu.

A Sajeni anatembenuka. Anayang'ana a Mawaya, anayang'ana kanyali kobiriwira kaja, n'kubwereranso kwa a Mawaya. Batani lofufuzira lija linali pafupi ndi chigongono chawo, akanatha kulidina okha, koma anangopinda manja.

"Mwakumbukira, bambo?" anafunsa.

A Mawaya anayang'ana kabokosi kaja. Anazungulira tebulo lija. Kadona anawaona komwe akulowera, maso ake n'kutong'oka.

"Malume," anatero motsitsa. "Malume, chonde."

Iwo sanamuyang'ane, poti akanamuyang'ana sakanadina. Anadina.

Kulira kwake kunali kochepa, kothinana ndi nsalu ya chikwama, koma mu ofesi monse munalibe amene sanakumve. A Halo anagwetsa dirowa. Kadona anaima osasuntha, foni ya bambo ake ikulira m'khwapa mwake, mpaka anatsitsa chikwama chija pang'onopang'ono n'kuchiika patebulo.

A Sajeni anatulutsa foniyo ndi kampango, naiyang'ana mbali zonse.

"Madamu, tikambirane mu ofesi mwanu."

"Mumupatse mpando, mayi," anatero a Mawaya. "Sanadye chidzulo. Ndipo polemba mulembe kuti nambala yachinsinsi anaimva kwa ine."

Kadona anatsogola. Atafika pachitseko anacheuka. A Mawaya ankayembekeza mwano, ndipo mwano ukanawapepukira. Koma mwanayo anangofunsa kuti, "Amayi akawauza ndani?"

"Ndikawauza ine."

Chitseko chinatsekeka. Khoma lija linalidi la matabwa. A Mawaya ndi a Halo anamva zonse, ngakhale a Halo anayesetsa kukweza wailesi.

* * *

Dzuwa litapendeka, a Sajeni anatuluka ndi Kadona kupita kugalimoto ya polisi. Anawauza a Mawaya kuti mlandu wakupha palibe, munthu anagwa yekha, koma kubisa umboni n'kulola wina amangidwe ndi nkhani yoti akaimalizire kupolisi. Kenako anakuwira wapolisi wa kushedi uja kuti amasule mkaidi.

Wamakiyi anatuluka akusisita m'mikono momwe munali unyolo. Palibe anali atamufotokozera kanthu, anangouzidwa kuti azipita kwawo. Ataona Kadona ataima pafupi ndi a Sajeni, nkhope yake inawala. Anathamanga chotsimphina n'kugwira dzanja la mayiyo ndi manja onse awiri.

"Madamu! Ndinadziwa ine. Usiku wonse m'chitokosi muja ndimawauza anzanga kuti madamu anga sangandisiye, akangopeza mpata pamaliropo abwera. Mulungu akudalitseni. Bambo anu anabereka munthu."

A Mawaya anayang'ana pansi. A Sajeni anatsegula pakamwa kuti adule nkhaniyo, koma Kadona anawatsogolera.

"Sindinakutulutseni ine, bambo. Ine ndi amene ndinakulowetsani. Foni ya adadi inali m'chikwama mwanga."

Wamakiyi anakhalabe atagwira dzanja lija, ngati mawuwo akuchedwa kufika. Kadona anamufotokozera mwachidule za batani, za chipinda cha kumwamba, osadzikometsera pena paliponse. Nkhalambayo inamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti Bwana anaimba?"

"Anaimba."

"Nthawi yaitali?"

Kadona anagwedeza mutu, misozi ikugwera pamanja a nkhalambayo.

"Ine ndimayesa anakomoka pomwepo, sanamve kanthu," anatero Wamakiyi. "Ndi zimene ndimadzitonthoza nazo usiku."

Anasiya dzanja lija mosamala, ngati akubweza chinthu cha eni ake. Sanatukwane, sanafunse za ntchito yake kapena makiyi ake. Anatembenukira kwa a Mawaya.

"Mukawauze amayi kuti kumaliro ndibwera. Bokosi ndinyamula nawo, ngati andilola."

Anatuluka pageti wapansi, galimoto ya polisi n'kumudutsa itanyamula Kadona. A Mawaya anatola chikwama chawo cha zitsulo. Kwa achemwali awo kunali pafupi, basi imodzi yokha, koma basi itaima pamaso pawo anaisiya ipite, n'kuyamba kuyenda.